Chiphaso cha boyila si pepala wamba

M'mafakitale ambiri a tiyi ku Mulanje, masamba amaumitsidwa ndi nthunzi yochokera m'boyila wa nkhuni za bulugamu. Pamwamba pa boyilayo pamakhala kavalavu kotseguka kokha nthunzi ikachuluka kupyola muyeso. Kakagwira dzimbiri n'kukakamira, boyila atha kuphulika anthu ali pantchito.

Vuto n'lakuti kavalavu kakufa sikadziwika ndi maso. N'chifukwa chake lamulo la chitetezo pantchito la 1997 lidalamula kuti boyila aziyesedwa ndi katswiri, zotsatira zake n'kulembedwa.

Ena amati n'zamapepala chabe. Koma mayi wa pa Chitakale, amene mwamuna wake amachezera kusonkhezera moto, angadalirenso chiyani? Bwanji osapachika chiphasocho pakhoma, wosonkhezerayo azidziwerengera yekha tsiku limene kavalavuko kadayesedwa?