Sankhani masewera amene mtima ukonda

Ku Bundabunda, mumseu wa Great East, khasu na njinga ya malasha ndiye zilimbitsa thupi. Ife mu Lusaka ni mpando wa basi m'mawa, mpando wa nchito masana, basi futi madzulo. Manje BP na shuga zapeza pokhala.

Ambiri tiyamba kuthamanga mu Januwale, pofika Febuluwale taleka, cifukwa siticikonda. Ine ndiona kuti nkhonya, karate na judo zigwira munthu: anzanu akudikirani, ndipo sabata iliyonse muphunzirako catsopano.

Catherine Phiri anatenga lamba wa WBC mu 2016. Inu simufuna lamba, mufuna thupi lokwera masitepe osapuma wefuwefu. Ngati muli na BP, pitani ku kiliniki coyamba, ndiye muyambe.