Sukulu ya mwana: osasankha chifukwa cha geti yokongola

Sabata ino tasiyako za ma show ndi ma DJ, chifukwa kunyumba kwathu kwavuta. Mwana wa asisi anga anapasa mayeso, anapatsidwa malo a Form 1 pa sukulu ya boma ya pafupi ndi msika mukomboni mwathu. Amake sakondwa. "Mwana wanga sangaphunzire na bakaponya. Nifuna transfer, ayende ku Kabulonga olo ku Munali." Ndinawafunsa ngati analowako mkati mwa sukuluyo. Sanapondemo.

Ndiye ndinapita ndekha. Mukomboni mwathu muli masukulu awiri a boma amene makolo amakangana nawo pa mpopi. Imodzi ili ndi mpanda watsopano ndi geti yopentedwa bwino, aliyense afuna mwana wake akhale kumeneko. Inayo ndi ya pamsika ija, penti inachoka kale.

Ku sukulu ya geti ndinafika masana. Ana anayi pa desiki imodzi, ena kumbuyo alembera pa maondo. Mpopi wouma, ndipo zimbudzi zina zokhoma. Aphunzitsi alimbikira, koma kuchonga mabuku a kalasi yotere si masewera. Ku ya pamsika nakonso ana ndi ambiri, sindinama. Koma ndinapeza thanki ya madzi, madesiki atsopano ogulidwa ndi ndalama za CDF, ndipo ahedi anandionetsa okha ma results a chaka chatha osabisa.

Kudzaza kumeneku tidziwa kumene kunachokera. Mu January 2022 boma linachotsa mafizi m'masukulu ake mpaka Grade 12. Ana amene anali chabe panyumba anabwerera, ndipo ndi chinthu chabwino maningi. Chaka chomwecho analemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000, koma makalasi samangika usiku umodzi. Sukulu ikatchuka, makolo onse athamangira komweko, manje ndiyo imadzaza kupambana inzake.

Za madzi musazione mopepuka. Mukumbukira 2024, pamene kolera inachedwetsa kutsegula masukulu mpaka pa 12 February? Mwana wamkazi amene sapeza madzi ndi chimbudzi chabwino amayamba kulova masiku ena mwezi uliwonse, ndipo sakuuzani chifukwa chake.

Nanga mtunda? Sukulu ndi yaulere, basi si yaulere. Kuchoka kwathu kupita ku Kabulonga ndi mabasi awiri, kutsikira m'tauni, kupita ndi kubwera. Werengani ndalama ya mwezi wonse, muikepo ya chakudya, muganizirenso mtsikana wa zaka 13 pa siteshoni kutada, mvula ili kugwa.

Musanayambe kuvutitsa ahedi ndi nkhani ya transfer, pitani pa sukulu tsiku la maphunziro. Funsani kuti m'kalasi muli ana angati, mwana adzalowa m'mawa kapena masana, aphunzitsi a masamu ndi sayansi alipo, mpopi utulutsa madzi. Mukatuluka, chezani ndi amayi ogulitsa vitumbuwa pa geti. Iwo adziwa bwino nthawi imene aphunzitsi amafika ndi ana amene amathawa pa break.

Asisi anga avomera kupita kukaona pa Monday, koma akali kudandaula kuti yunifomu ya pamsika ndi yoipa. Mwana yekha wanena kale: "Ba anti, ine nifuna chabe desk yanga na ticha wa maths." Tionana sabata ya mawa.