Za ceramic ndi PPF: musanapake kapena kumata kanthu pa galimoto yatsopanoyo

 Uthengawu ndi wautali, ndiye pezani pokhala.

Msuweni wanga wabwerako ku Joni patatha zaka 6. Thukuta lonselo waitanitsira Toyota Fielder yakuda kuchokera ku Japan, yatsikira ku Dar es Salaam, yalowera pa Songwe, msonkho walipira. Maganizo ake ndi oti azinyamula alendo kuchoka ku Lilongwe kupita ku Cape Maclear ndi ku Senga Bay, Loweruka izikwera akwati. Ndiye kuwala kwa galimotoyi si matama chabe, ndi mpamba wake. Dzulo anandiimbira kuti, “Aise, ndatsala ndi kandalama komaliza. Wina akuti ndipake ceramic coating, wina akuti ndimate PPF. Nditani?” Ndinamuyankha pa foni mpaka mayunitsi anatha, ndiye ndati ndilembe kuti enanunso mumve, poti pagulu pano alipo angapo amene akusunga ya galimoto.

Ine si katswiri wa penti. Ndine mwana wa msodzi amene anapusitsidwapo kamodzi, kenako n'kukhala pansi kufufuza kuti zinthuzi n'chiyani kwenikweni.

Tiyambe ndi pentiyo. Pa chitsulo cha galimoto pamakhala penti yoyamba yogwira chitsulo, kenako ya mtundu, pamwamba pake n'kubwera ina yoonekera ngati galasi imene amati clear coat. Kuwala konse mumakuona kuja ndi kwa yapamwambayi. Zonse pamodzi zimangokhuthala maikuloni 100 kapena 150, ndipo maikuloni 1,000 ndiye milimita imodzi. Tsitsi limodzi la munthu limakhala cha m'ma 70. Ndiye galimoto ya mamiliyoni yonseyo yavala malaya okhuthala ngati matsitsi awiri basi.

Ceramic coating ndi mankhwala amadzimadzi, ambiri opangidwa kuchokera ku silika, chinthu chomwecho chili mu mchenga wa pagombe ndi mu galasi. Amapaka ndi kasiponji, amapukuta, n'kuuma kukhala kachikopa kolimba. Koma kachikopako ndi kopyapyala zedi, maikuloni amodzi kapena awiri. Ntchito yake ndi yoti madzi azitsetsereka ngati pa tsamba la koko, matope ndi fumbi zisamakakamire, kutsuka kuzifulumira, zitosi za mbalame ndi utomoni wa mango zisafulumire kudya penti, komanso dzuwa lisaisulutse msanga. Yabwino, yopakidwa bwino, imakhala zaka 2 mpaka 5. Izi ndi zoona ndipo sindikuzinyoza.

Chimene sichita ndicho anthu ambiri amaigulira. Siitchinga mwala. Lole ikakudutsa pa M5 n'kukulasa kamwala pa boneti uli pa 80, ceramic ilibe nazo ntchito, penti ithothoka ndithu. Mwana akadutsa ndi njinga chogwirira n'kukhula chitseko, mzere utsala. Ogulitsa amakonda kukuuza kuti “iyi ndi 9H bwana, siikalika.” 9H imeneyo ndi muyezo wa mapensulo, kutanthauza kuti pensulo yolimba kwambiri siikala. Pensulo, amwene. Mchenga wa ku Msaka si pensulo.

PPF ndi nkhani ina. Ndi pulasitiki yoonekera, yofewa ngati labala, yopangidwa ndi polyurethane, yokhuthala maikuloni 150 mpaka 200, kuposa penti yonse ya galimotoyo. Amaimata pamwamba ngati chomata pa sikirini ya foni. Inayambira kwa asilikali a ku America, kampani ya 3M inkaipangira mapiko a helikopita kuti mchenga ndi timiyala zisamawadye. Kamwala kakamenya, imalandira ndi pulasitikiyo, penti pansi ili phee. Zabwino zake, monga za XPEL, 3M kapena SunTek, timizere tating'ono timatsekeka tokha ikatenthedwa ndi dzuwa kapena madzi ofunda. Dzuwa la ku Mangochi mu Okutobala ndiye sitichita kugula. Imatha kukhala zaka 5 mpaka 10.

Mukamva choncho muti basi, PPF yawina. Dikirani kaye.

Choyamba ndi mtengo. Kumata galimoto yonse ndi PPF yeniyeni kumadula kangapo kuposa ceramic, ndipo zonsezi zimachokera kunja, zimagulidwa ndi dola. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chodutsa pa boda mukudziwa nokha mmene chikulumira. Ndiye munthu akakupatsa mtengo wotsika modabwitsa, dziwa kuti akukumata pulasitiki wamba ya PVC. Imeneyo kuno kunyanja dzuwa limaisandutsa yachikasu, kenako imang'aluka ngati dothi la dambo m'chilimwe, ndipo poichotsa guluu wake amakuliza.

Chachiwiri ndi dzanja la womata. Apa mundilole ndikambe za bambo anga.

Nyanja ikatsekedwa, madala ankakokera boti kumtunda n'kuligadabuza. Ife ana tinkafuna tithamangire kutsegula chitini cha penti, poti ndiyo ntchito yokoma. Iwo ayi. Masiku atatu oyamba ndi kupala basi. Kupala penti yakale, kuchotsa ndere, kugogoda thabwa lililonse kumvetsera ngati lafumbwa, kutseka ming'alu ndi thonje ndi phula, kenako kulisiya liume. Tsiku lopaka linali limodzi lokha, lomaliza. Panali mnzawo wina pa doko pathu amene ankapaka penti pamwamba pa yakale, boti lonyowa. Linkawala kuposa lathu sabata yoyamba. Pofika nthawi ya mwera penti inali itasupuka ngati khungu la njoka, alovi ake ali kalikiliki kukapa madzi usiku wonse m'malo mokoka chilimira.

Galimoto ndi chimodzimodzi. Kaya ceramic kaya PPF, ntchito yaikulu ndi ya pansi: kutsuka bwinobwino, kuchotsa phula la mumsewu ndi timachitsulo tokakamira, kupolisha ndi makina mpaka timizere tithe, kupukuta mafuta onse. Ukapaka ceramic pa penti yokalikakalika, wangotsekera mizereyo mkati kwa zaka. Ukamata PPF panja, mphepo ikuwomba fumbi, kamchenga kalikonse kotsala pansi kazikuyang'ana tsiku lililonse, m'mbali n'kuyamba kutukuka. Ntchitoyi imafuna chipinda chotsekeka, choyera, chowala bwino. Ceramic ikapakidwa siifuna madzi tsiku loyamba, ndipo sopo amadikira pafupifupi sabata. Ndiye amene akukuuzani kuti “siyani galimoto, kadyeni nsima, mupeza zatheka,” akukupakani polishi ya dzina lalikulu.

Ine zinandionekera. Nditagula ka Passo kanga, pa kawoshi ina ku Lilongwe anandipopera za m'botolo, n'kuthira madzi pa boneti kuti ndione mmene akuthawira. Ndinasangalala, ndinalipira ndalama yokwana matayala awiri. Nditatsuka katatu madzi anasiya kuthawa. Matayala aja ndinawafuna mwezi wotsatira pa Golomoti, usiku, lakumbuyo litaphulika, sipeya ilibe mpweya.

Chachitatu, ndipo ichi ambiri sachiganiza: galimoto zathu “zatsopano” ndi zatsopano kwa ife. Ku Japan zinayenda kale, ndipo zina zinapentedwapo malo ena. Amene muli ndi pepala la ku okushoni liyang'aneni. Pa chithunzi cha galimoto paja, A ndi mzere, U ndi kubonyoka, W ndi malo amene anakonzapo, XX ndi chitsulo chimene anachita kusintha. Pamene anapenta kachiwiri penti siigwira ngati ya ku fakitale, ndiye tsiku lochotsa PPF imatha kunyamuka nayo limodzi. Ngati mwapentetsa bampa kuno, dikirani mwezi iume kaye musanamate. Fielder ya msuweni wangayu ili ndi W pa chitseko chakumanzere, iye sankadziwa n'komwe tanthauzo lake.

Ndiye ndinamuuza chiyani?

Ndinamufunsa kaye kuti inshuwalansi wadula iti. Akuti third party. Eti munthu akufuna kuteteza penti ku kamwala pamene galimoto yonse ilibe chitetezo ku mbuzi ya pa Mtakataka kapena kabaza wotulukira pa kona. PPF siibweza galimoto yogubuduzika. Ndinamuuza kuti ndalamayo iyambe yapita ku comprehensive, poti galimotoyi ndi zaka 6 za moyo wake ndipo izinyamula anthu. Kenako aone matayala, chifukwa ena amabwera ndi matayala a nyengo ya chisanu cha ku Japan, ofewa, amene pa phula lotentha la kuno amatha msanga ndipo sagwira bwino.

Ikatsalapo, apo ndiye PPF, koma kutsogolo kokha: bampa, boneti, mapiko akutsogolo, magalasi a m'mbali, nyali, ndi kamphepete ka buti pamene zikwama za alendo zimakhula. Miyala yambiri imamenya kumeneko. Denga silikumana ndi lole. Ndipo apite kwa munthu amene angamuonetse galimoto imene anamata chaka chatha, osati zithunzi za pa Facebook. Aifunse dzina pulasitikiyo, aone bokosi lake, apemphe pepala la chitsimikizo. Ceramic ibwere pambuyo bizinesi ikayamba kubweza, ndipo dongosolo lake ndi lomwelo: pulasitiki pansi, ceramic pamwamba. Mukatembenuza, pulasitiki siigwira bwino pa malo oterera.

Ena munena kuti ceramic ndiye yoyenera kuno chifukwa vuto lathu lalikulu ndi dzuwa, fumbi ndi nkhungu zija zimadzaza pa boneti zikatuluka m'nyanja. Mfundo imeneyo ndi yoona, makamaka kwa amene galimoto yake imangozungulira pa Mangochi Boma osapita maulendo ataliatali. Kwa iyeyo ceramic yeniyeni ndi yokwanira, PPF n'kutaya ndalama. Koma dziwani kuti pa galimoto yakuda, madzi a pa mjigo, makamaka mijigo ina ya kuno ya madzi a mchere, akaumira padzuwa amasiya madontho oyera ngakhale pa ceramic. Umafunikabe kutsukira pa mthunzi n'kupukuta msanga.

Ndipo apa ndi pamene pandiwawa kwambiri. Chimene chikupha penti kunyanja kuno si miyala ayi, ndi ife tomwe. Timaimika galimoto pagombe, mwana atunge ndowa m'mphepete momwe mafunde akuvundula mchenga, athiremo sopo wa ufa wochapira zovala, atenge chiguduli chimene chagwa pansi kasanu, ayambire matayala kenako boneti. Imeneyo ndi sandipepa. Mizere yozungulirazungulira mumaiona pa galimoto zakuda dzuwa likawomba imachokera pamenepo. Ndowa ziwiri, ina ya sopo ina yotsukuluzira nsalu, nsalu yofewa ya microfibre, sopo wa galimoto, kuyamba wathira madzi ambiri fumbi litsike usanakhudze, matayala pomaliza ndi nsalu yakeyake. Zonsezi mtengo wake sufika ndi theka la thanki ya petulo. Ndipo musamaimike pansi pa mango kapena pa mtengo umene akakowa amagona. Mangani kashedi, ngakhale ka udzu.

Inu a ma Probox ndi ma Sienta onyamula usipa kupita ku Limbe ndi ku Lilongwe, nkhani yonseyi sikukukhudzani kwenikweni. Mdani wanu ali mkati. Madzi a nsomba akalowa pansi pa kapeti, dzimbiri limayambira pamene pamakhala sipeya, ndipo fungo lake ngakhale wogula wa chimfine amalimva. Gulani labala yoyala m'buti yokhala ndi milomo m'mbali, muike ma mudflap, muzitsuka kunsi.

Msuweni wanga sanakondwe. Ankafuna ndimuuze chinthu chimodzi choti Loweruka akaonetse pa ukwati wa ku Nkope. Wati aganiza kaye, koma pepala la ku okushoni wanditumizira kuti ndimuwerengere zilembo zotsalazo. Amene muli nalo lanu ndipo simukulimvetsa, jambulani muponye pagulu pano, ndiziyankha madzulo magetsi akakhalapo.