Mphete ya Namzeze

M'chaka cha 1911, namzeze wina anavekedwa kamphete kachitsulo kumwendo ku Staffordshire, m'dziko la England. Mu Disembala 1912 mbalame yomweyo inapezeka pafamu ina ku Natal. Uwu unali umboni woyamba wa kumene anamzeze a ku Britain amathawira chisanu.

Lero akatswiri amatchera ukonde wopyapyala mbandakucha. Mbalame ikakodwa, amazindikira mtundu wake, kuyeza mapiko ndi kulemera, kuiveka mphete ya nambala, n'kuimasula. Nambalazi zimasungidwa ndi bungwe la SAFRING ku Cape Town.

Komatu mphete zambiri zimathera m'manja mwa ana a malegeni, n'kutayidwa pamodzi ndi nthenga. Mlimi akaitola, chofunika ndi kulemba nambala, tsiku ndi malo, n'kutumiza ku adiresi yolembedwa pampheteyo.