Chitsa cha mombo sichifuna chubu

Pa 15 Disembala, tsiku lodzala mitengo m'Zambia muno, mbande zofika kwathu ku Vubwi zimakhala zomwezomwezo: bulugamu, malayina, gilisidiya. Mlendo wolemekezeka amadzala mtengo umodzi, amujambula, ulendo wa ku Chipata. Yotsalayo timalimbirana ndi chiswe.

Sindidana ndi mtengo wachilendo ayi. Mango amene ana anga akulira kwawo ndi ku India. Gilisidiya amene a bungwe la COMACO amalimbikitsa ndi wa ku Central America, koma nthaka amaikonzadi. Bulugamu wa ku Australia uja ndiye adandipatsa mitengo ya chigafa cha fodya mosachedwa. Kungoti ndidamudzala kumutu kwa dimba, pafupi ndi chitsime. Lero ikafika Okutobala mayi a kunyumba amatunga matope, ndipo sanandikhululukirebe.

Chimene chimandiwawa n'chakuti tikuthirira machubu a mbande pamene nkhalango yathu ili moyo pansi pa nthaka. Kwerani phiri lililonse lomwe lidametedwa ndi a makala, muone zitsa za mombo, mtondo ndi msuku. Zikuphukira. Mizu yake idazama kalekale, chilala sichiiopsa. Ntchito yake ndi kusiyapo mphukira ziwiri kapena zitatu zolimba, kusadza zinazo, kulambula udzu kuti lupsa lisafike, ndi kuthamangitsa mbuzi. Alimi a ku Niger, mothandizana ndi Tony Rinaudo, adayamba zimenezi m'zaka za m'ma 1980 ndipo minda yomwe idali mbee idameranso mitengo. Vuto lake chitsa sichikoma pachithunzi, ndipo palibe amachiwerengera mu lipoti.

Bowa wa m'tchire amakhalira limodzi ndi mizu ya mitengo yathuyi. Pansi pa bulugamu ine sindinazulepo ngakhale mmodzi, ndipo matondo sindinawaonepo akudya masamba ake. Nanga msangu? Umayoyola masamba mvula ikagwa, chimanga n'kumasangalala pansi pake, ndiye m'chilimwe umagwetsera ziweto nyemba zake. Umachedwa kukula, n'zoona. Amene ndidadzala ine ndidzaudyerera ndi ndodo m'manja.

Anyakwawa a kwa Mfumu Pembamoyo, bwanji mudzi uliwonse upatule phiri limodzi, wotentha kapena wozula chitsa alipe mbuzi? Bulugamu adzalidwe kumtunda, kutali ndi dambo. Ine Disembala uno khasu ndilisiya pakhonde, nditenga chikwanje ndikasadze zitsa khumi ndi ziwiri zomwe ndawerenga kuseri kwa munda wanga.