Digiri "yotchipa" ya madola

Zotsatsa za pa Facebook zikutikopa kuti tilembetse digiri ya pa intaneti ya kunja, ati njotchipa. Ine ndikufunsa: yotchipa kwa ndani? Fizi yake amalipira m'madola. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha idachepetsedwa ndi 44 peresenti, fiziyo idakwera tsiku limodzi, malipiro athu ali pomwepo. Ndiye onjezani bandulo, kuzimazima kwa magetsi, ndi dola yosowa kubanki.

Sindikunyoza sukulu zonse zakunja ayi. Unisa ya ku South Africa yaphunzitsa anthu ambiri. Koma abale anga, musanatumize ngakhale tambala, kafunseni ku NCHE ngati pepalalo lidzavomerezeke kuno. Thukuta la zaka zinayi lisathere pa satifiketi yoti abwana akaiona n'kungoseka.