Nyama yofiira m'kati: tisatengere za ku Japan mwaphuma

Ku Japan anthu amafola mzere pakhomo pa nyumba zodyeramo kuti adye chakudya chotchedwa gyukatsu. Ophika amadula nthuli ya ng'ombe, kuipaka ufa wa tirigu, kuiviika m'dzira, kenaka kuikunkhuniza mu nyenyeswa za pau. Amaiponya m'mafuta otentha kwa mphindi imodzi yokha, kotero kuti kunja kumapsa koma m'kati mumatsala mofiira. Wodya amalandira nyamayo yoduladula, mpunga, kabichi, ndi kamwala kotentha koti aotcherepo yekha chidutswa chilichonse.

Nyenyeswazo amazitcha panko. Mawuwa ndi apachibale ndi pau wathu yemweyu, chifukwa Apwitikizi, amene anafika ku Japan mu 1543, ndiwo anapita nalo dzina la pão kumeneko. Zithunzi za chakudyachi zikuyenda pa mafoni, ndipo si zodabwitsa ngati mnyamata wa pachiwaya ku Ulongwe kapena ku Domue ataganiza zoyesera. Ife tikuti ayambe wadziwa chimene chimachititsa Mjapani kudya nyama yofiira mopanda mantha.

M'chaka cha 2001 matenda a misala ya ng'ombe anapezeka ku Japan. Mu 2003 boma linakhazikitsa lamulo lakuti ng'ombe iliyonse ikhale ndi nambala yake ya manambala 10 pakhutu. Ndi nambalayo munthu angathe kudziwa tsiku limene ng'ombe inabadwa, kumene inaweteredwa ndi kumene inaphedwa. Ngakhale zili choncho, mu 2011 anthu 5 anamwalira atadya nyama yaiwisi ya ng'ombe m'nyumba zina zodyeramo, ndipo mu 2012 boma linaletsa kugulitsa chiwindi cha ng'ombe choti chidyedwe chachiwisi. Ngati dziko losamala chotere linalira maliro, nanga ife amene nyama yathu imatandala padzuwa, ntchentche zili bweee?

Mafuta otentha amapha tizilombo tokhala pamwamba pa nthuli. Koma ana a njoka za m'mimba amabisala m'kati mwa mnofu, ndipo amafa pokhapokha nyama yapsa yonse. Choopsa koposa ndi matenda a anthrax, amene mu 2023 anagwira anthu mazanamazana kwa anzathu a ku Zambia. Amenewa amagwira ngakhale wosenda chikopa, asanalawe n'komwe. Ng'ombe yofa yokha siyokazinga ayi, ndi yoitanira alangizi a ziweto ndi kuikwirira. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tikudziwa kuti mawuwa ndi olemera. Ng'ombe ndi ngolo, ndi khasu, ndi ndalama ya mwana kusukulu, ndipo kuikwirira yathunthu kumaswa mtima. Komabe banja lingagule ng'ombe ina zaka zikapita, pamene mwana wolowa m'manda sabwerera.

Zoti titengere zilipo. Kanyama kochepa kakavala nyenyeswa kamakhutitsa, makamaka kakatsagana ndi kabichi. Kabichi ku Angonia alipo wambiri, tirigu amalimidwa ku Tsangano, ndipo pau wogona amene ogulitsa amasowa kopita naye angathe kuumitsidwa ndi kusinjidwa. Mayi wophika pamsika angadule nyama mopyapyala, kuikazinga mpaka ipse yonse, ndi kugulitsa chinthu chatsopano popanda kudwalitsa munthu.

Chachikulu chotengera ndi chizolowezi chofunsa kumene nyama yachokera. Tikupempha akuluakulu a boma m'madera athu kuti alangizi a ziweto azipezeka tsiku la msika, kupima ng'ombe isanaphedwe ndi kudinda nyama yabwino. Mafumu nawo aletse kugawana ng'ombe zofa zokha m'midzi. Ndipo inu ogula, musachite manyazi kufunsa chidindo musanatulutse ndalama yanu.